Kwa Ana Anga Osankhidwira ku Sekondale Yoyendera

Ana anga, adzukulu anga,

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, mphunzitsi wamkulu n'kumata mapepala a maina pa khoma la ofesi yake, m'mudzi mumamveka nthungululu ndi kulira pa tsiku limodzi. Koma pakati pa okondwa ndi olirawo pamakhala gulu lina lalikulu la ana amene sadziwa ngati aseke kapena alire, pakuti dzina lawo lilipo ndithu pa mndandanda, koma sukulu imene asankhidwirako si ya ku Dedza kapena ku Blantyre, kumene munthu amapita pa basi atanyamula sutikesi ndi chofunda chatsopano, koma ndi yomwe ija ya kuseri kwa msika, imene akhala akuidutsa masiku onse popita kuchigayo. Mawu angawa ndi a inu amene muli m'gulu limeneli, ndipo mukaona kuti ndachulutsa gaga m'diwa mundikhululukire, poti ukalamba sudziwa kufupikitsa nkhani.

Dziwani kuti malo amene mukuwachepsawo alipo anzanu ambirimbiri amene akanawalandira ndi manja awiri, chifukwa mwa ana onse okhoza mayeso a pulayimale oposa theka sapeza malo m'sekondale za boma, ndipo mwa opeza malowo ochuluka amapita ku sukulu zoyendera zonga yanuyo, zimene boma limazitcha Community Day Secondary School. Dziwaninso kuti kufikira chaka cha 1940 m'dziko lonse la Nyasaland munalibe sekondale ndi imodzi yomwe, kotero kuti mnyamata wanzeru, akatsiriza maphunziro a kumishoni, ankangoyembekezera uphunzitsi, ukalaliki kapena ukalipentala ku Livingstonia kapena ku Henry Henderson Institute, apo ayi kuuyamba ulendo wa pansi kunka ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Sukuluzi zinali zowerengeka zedi, mwakuti anthu ankangozitchula ndi manambala a mabokosi awo a ku positi ofesi, uyu wa ku Bokosi 2, uyo wa ku Bokosi 48, ndipo mwana wa kumeneko akabwera ku tchuthi, mudzi wonse unkabwera kudzamuona.

Sukulu yanuyo inabadwa mwa njira ina, njira ya anthu osauka amene anakana kuti ana awo athere pa Sitandade 8. Mu 1965 boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inatchedwa MCDE, ndipo ana amene sanasankhidwe ankasonkhana m'timalo tomangidwa ndi makolo, kuwerenga maphunziro osindikizidwa ochokera ku Blantyre ndi kumvera ena pa wailesi, moyang'aniridwa ndi aphunzitsi amene ambiri a iwo anaphunzira ntchito yophunzitsa ku pulayimale. Pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anakhamukira ku sukulu, chiwerengero chawo n'kukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ndipo poona kuti khamu limeneli lidzasowa kolowera, mu 1998 boma linasandutsa timalo ta MCDE tija kukhala sekondale zoyendera. Tsono mukamayang'ana makoma a sukulu yanu, ngakhale akhale opanda pulasitala, kumbukirani kuti m'malo ambiri njerwa zimenezo anaumba ndi agogo anu, mchenga anatuta pamutu ndi amayi anu, mfumu ikuitanira anthu ku ntchito ya chitukuko m'mawa kusanatenthe.

Sindikunamizani kuti sukulu zonse n'zofanana, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansi sabisa choona. Ku sukulu zoyendera mabuku amaperewera, aphunzitsi a masamu ndi sayansi amasowa, ndipo ndinaona ndi maso angawa mphunzitsi akujambula pa bolodi chiwiya choyesera mankhwala, ana n'kumakopera chithunzicho m'makope, chifukwa labotale kunalibe ndipo chiwiya chenichenicho palibe mwana anachigwirapo. Zimenezi n'zopweteka, ndipo akuluakulu a maphunziro ayenera kuzimva kufikira atazikonza. Koma bungwe la MANEB, limene lakhala likulembetsa mayeso kuyambira 1987, silisindikiza pepala lina la mwana wa kumudzi ndi lina la mwana wa ku sukulu yotchuka. Funso limene adzalione wa ku Lilongwe Girls ndi lomwelo mudzalione inu, ola lomwelo, ndipo wochonga adzawerenga zimene mwalemba osafunsa ngati munagona pa bedi kapena pa mphasa. Ndipo pamene ndalingalira zaka zambiri chimene chimasiyanitsa kwenikweni ana a sukulu ziwirizi, ndapeza kuti, ngakhale mabuku ndi labotale zili ndi mbali yake yaikulu, chachikulu koposa ndi maora amene amatsala tsiku lililonse ana akaweruka.

Taganizirani za mnzanu wa ku sukulu yogonera komweko. Belu limamudzutsa mbandakucha, belu limamuitanira ku phala, belu limamulowetsa m'kalasi, ndipo madzulo, atadya mgaiwa wake ndi nyemba zimene anankafumbwe analawa kale, belu limamubwezeranso m'kalasi kukawerenga pansi pa getsi maora awiri, mphunzitsi wa pa ntchito akuzungulira panja, wafuna asafune. Iyeyo ali ngati ng'ombe ya pa ngolo, imene ngakhale ikhale yaulesi imafika kumsika chifukwa kumbuyo kwake kuli woiyendetsa. Koma inu, belu lotsiriza likalira cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, palibenso wokuuzani kanthu kufikira mawa m'mawa. Maora onsewo ndi anu, ndipo pa zaka zinayi za sekondale, maora amenewa ndiwo adzalembe mayeso anu. Zimene mnzanu uja amachita moumirizidwa inu muyenera kuzichita mwa kufuna kwanu, ndipo ichi n'chovuta kwa mwana wa zaka 14, koma amene wachiphunzira pa msinkhu umenewo wapata chinthu chimene ambiri a ku sukulu zogonera amakachiphunzira mochedwa ndi mowawa, akafika ku koleji kumene kulibenso belu.

Tiyeni tiyende limodzi kuchoka pa bwalo la sukulu nthawi yoweruka, kuti tione kumene maorawo amathera. Mwangodutsa pa mtengo wa mango uja, mwamva kale fungo la pa chiwaya, ndipo amene ali ndi kandalama akuitana anzake kuti akadye tchipisi. Patsogolo pang'ono chimkuzamawu chikubangula pakhomo pa kanyumba ka vidiyo, m'mene akuonetsa filimu ya nkhondo yomasuliridwa m'Chichewa, womasulirayo akuthira nthabwala zake, ndipo pa bolodi la pakhomo alembapo ndi choko kuti madzulo kuli mpira wa ku England. Pakhonde pa golosale anyamata azungulira tebulo la pulu. Mkulu wanu wina amene anasiyira Fomu 2 wakhala pa njinga yake ya kabaza akuwerenga ndalama poyera kuti muone. Ndipo wina akukuonetsani pa foni m'mene anapambanira pobetcha, osakuuzani za masiku onse amene analuza. Palibe mwa zimenezi chimene chimakugwirani pakhosi. Mumangonena kuti tingoonako pang'ono, ndipo pamene mukutuluka m'kanyumba kaja maso akuthobwa, dzuwa lapendeka, kwanu n'kutali, kope simunalitsegule. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mpira sindiuda ayi, ndipo mwana wosasewera amandidetsa nkhawa kuposa wosewera. Loweruka lilipo, ndipo timu ya sukulu ifuna miyendo yanu. Chimene ndikana ndi chakuti Lolemba lifanane ndi Loweruka.

Langizo langa tsono ndi ili, kuti mukaweruka musafulumire kuchoka. Pemphani kwa mphunzitsi wamkulu kuti kalasi imodzi izikhala yotsegula, ndipo inu anayi kapena asanu amene mwagwirizana muzitsalira ola limodzi kapena awiri, mutadya mbatata kapena chigumu chimene munatenga kunyumba, ndi kubwereza zimene mwaphunzira tsiku lomwelo zisanazizire. Pakuti kuwala kwa dzuwa sikugulidwa, pamene parafini wa m'koloboyi, makandulo ndi mabatire a tochi zonse zifuna ndalama, ndipo nyumba ya kwanu, m'mene muli makanda ndi alendo ndi wailesi, si malo owerengera. Mutu umodzi susenza denga: wina amamva masamu, wina Biology, wina Chingerezi, ndipo amene akufotokozera mnzake ndiye amapindula koposa, chifukwa pofotokoza m'pamene munthu amazindikira pamene sanamvetse. Koma gulu lisakule, ndipo musalowetsemo munthu chifukwa choti ndi wokoma nkhani. Buku limodzi likakhala la ana khumi, musalimbirane kapena kulibisa pansi pa mphasa monga achitira ena oipa mtima. Pangani ndondomeko, lero ligone kwa uyu, mawa kwa uyo, ndipo amene lagona kwawo alembe mfundo zake m'kope kuti anzake akope. Funani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo kwa aphunzitsi ndi kwa akulu anu amene analemba kale, muwayankhe mutayang'ana nthawi ngati kuti ndi tsiku lenileni. Pa ichi ngakhale foni ija ili ndi ntchito yabwino, poti mapepala otere anthu amatumizirana pa WhatsApp. Koma foni yomweyo, mukailola kugona nanu, idzakudyerani usiku wonse.

M'kalasi musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndikudziwa chimene chimakutsekani pakamwa: mumaopa kuti mukaphonya Chingerezi anzanu akusekani, ndipo dzina lonyoza likumatirirani mpaka Fomu 4. Alekeni aseke. Chingerezi ndicho chipata cha satifiketi ya MSCE, ndipo amene walephera phunziro limeneli, ngakhale akhoze bwanji maphunziro ena, satifiketi saiona. Komanso mafunso a maphunziro ena onse, kupatula a zinenero zina monga Chichewa, amabwera m'chinenero chomwecho, kotero kuti ana ambiri amene amati analephera Geography kapena Agriculture, kunena zoona sanamve chimene funso linkafuna. Werengani chilichonse chogwera m'manja mwanu, ngakhale nyuzi yakale imene anakulungiramo usipa, ndipo lankhulani molakwitsa momwemo kufikira lilime litafewa. Koma potero musanyoze Chichewa, monga achitira ena amene akangofika Fomu 1 amayamba kuyankha agogo awo m'chinenero chimene agogowo sachimva. Ameneyo saonetsa kuphunzira, aonetsa kusaleredwa. Ndiponso phunziro la Chichewa lili ndi mapointi ake ofanana ndi a Physics, ndipo ambiri amalitaya chifukwa choliyesa chapafupi.

Za kunyumba ndinene mosamala, chifukwa lamulo lolemekeza atate ndi amayi silinafafanizidwe ndi sukulu. Mwana woyendera sathawa khasu, mtondo kapena chidebe, ndipo sayenera kuzithawa; koma ndaona ana, makamaka atsikana, amene amadzuka kusanache kukatunga madzi ndi kusesa, nayenda mtunda wautali, nafika m'kalasi atatopa kale, ndipo pobwerera amapeza mbale, nkhuni ndi mwana wa kumsana zikuwadikira, pamene mlongo wawo wamwamuna ali pa bawo. Ngati zili chomwecho kwanu, musadandaulire kumbali kapena kuyankha mwamwano. Sankhani nthawi yabwino, makolo atadya, mugwade, muwafotokozere bwinobwino kuti mayeso afuna maora akutiakuti, ndi kupempha kuti ntchito igawidwe. Zikakanika, uzani atsibweni anu, amene mwa mwambo wathu ndiwo eni mbumba, kapena amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulu, kuti akakulankhulireni. Ndipo inu makolo amene mwina mukumvera mwana akukuwerengerani mawuwa, ndikupemphani mwaulemu: teremu yachiwiri, kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndiyo imagwetsa ana ambiri, chifukwa nkhokwe zapepuka, mitsinje yadzaza, kumunda kuli kupalira ndi kubandira, ndipo ganyu akuitana. Mwana akajomba sabata ziwiri nthawi imeneyo, masamu amene wawaphonya sawapezanso. Musungireniko kaufa ka phala la m'mawa ndi pepala la pulasitiki lofunditsa makope ku mvula.

Pano ndikuuzeni za mnyamata wa ku Kasungu amene ambiri a inu munamva dzina lake. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala kufupi ndi Wimbe, anasankhidwira ku Kachokolo, sukulu yoyendera yonga yanuyo, ndipo m'njala yoopsa ya 2001 ndi 2002 makolo ake analephera kumulipirira fizi, iye n'kusiya sukulu. Pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe panali kalaibulale kakang'ono, ndipo kumeneko anapeza mabuku a sayansi, limodzi lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chake chinali chochepa, kotero ankatsata zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mawu. Natola zitsulo zotayidwa, chopemerera cha thirakitala, mafupa a njinga ndi dainamo yake, nawongola mapaipi a pulasitiki pamoto, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, anthu akumunena kuti wapenga, kufikira tsiku limene babu linayaka. Nyuzi zinalemba za iye mu 2006, chaka chotsatira anakalankhula ku msonkhano ku Arusha, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Alipo anyamata amene amaimva nkhaniyi mokhota, namati sukulu ilibe ntchito poti uja anatchuka ali panja pa sukulu. Ameneyo sanasiye sukulu mwa kufuna. Inamutaya ndi njala, ndipo ali kunyumba ankabwereka makope a mnzake kuti asatsalire, mwayi utapezeka anabwerera m'kalasi ngakhale anali atakula. Chimene ndifuna muone ndi chakuti panalibe belu lomuitanira ku laibulale kuja, panalibe mphunzitsi womuyang'anira, ndipo mabuku omwewo anali pa shelefu pamaso pa ana ena onse a m'deralo.

Tsopano ndifike pa nkhani yolemera. Chifukwa cha kutalika kwa mtunda, ambiri a inu mumachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu ndi kumadziphikira nokha. Ndinalowamo m'kachipinda kotere: atsikana atatu pa mphasa ziwiri, mbaula pakona, thumba la ufa lomangidwa kukamwa ndi chingwe, yunifolomu zitapachikidwa pa msomali, chitseko chotsekera ndi kamtengo. Kale anyamata ankagona ku mphala ndipo atsikana ku gowelo kapena kwa agogo, koma kumeneko kunali m'mudzi, pamaso pa akulu, ndipo wotuluka usiku ankadziwika kusanache. Kachipinda ka lendi kalibe agogo. Ufa ukatha pakati pa mwezi, sopo n'kutha, makolo ali kutali, m'pamene amatulukira bambo wa golosale, kapena woyendetsa galimoto, kapena wogula mbewu, ndi mawu okoma ndi kathumba ka shuga, nati usavutike mwana iwe, ine ndilipo. Ana anga aakazi, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wamkulu amene akupatsa mphatso mwana wa sukulu mobisa, osafuna kuti makolo ake adziwe, akukongoza ngongole imene adzailonjerera, ndipo malipiro ake ndi mimba, matenda ndi kutha kwa sukulu, iye n'kumapitiriza malonda ake ngati sipanachitike kanthu. Ufa ukatha, uzani mphunzitsi wamkazi, uzani amayi a ku mpingo kapena ku mzikiti, bwererani kwanu wapansi ngati kuli kotheka. Kusauka kulibe manyazi otere. Ndipo akakhala mphunzitsi amene wakunenani mawu osayenera, kapena wakuitanirani kunyumba kwake kuli mdima, musamusungire chinsinsi poopa malikisi. Nenani kwa mphunzitsi wamkulu, kwa makolo ndi kwa a komiti, pakuti wotere waipitsa ntchito yopatulika ndipo malamulo a boma samulekerera.

Lamulo lili kumbali yanu, ndipo n'kwabwino kulidziwa. Kuyambira 2015 lamulo la maukwati limati munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anakonza malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale chilolezo cha makolo chisatsegulenso khomo limenelo. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo ku sukulu, osaopa kudedwa ndi anthu ake omwe. Ndiponso kuyambira 1993 mtsikana amene wachembeza ali pa sukulu amaloledwa kubwerera akabereka. Choncho amene wagwa asagonere pomwepo, ndipo inu anzake, akabwerera, musamulozere zala kapena kumuimbira nyimbo, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anyamata, musayese kuti ndakuiwalani. Mtsikana wa m'kalasi mwanu ndi mlongo wanu, ndipo amene amuononga tsogolo nayamba kukana pa bwalo kuti si ine, ameneyo ngakhale adzavale taye sadzakhala mwamuna pakati pa amuna. Za chamba ndi kachasu sinditaya nthawi. Yendani pa msika wanu womwewo, mudzaona amene anayamba zimenezo ali Fomu 2, ndipo mudzafunse akulu kuti m'kalasi ankakhala nambala chani.

Mukakwera makalasi, musazunze a Fomu 1, kuwalanda ndalama kapena kuwatuma zopusa ponena kuti nafenso anatitero. Mwambo woipa umatha pamene gulu limodzi lakana kuupatsira. Ndipo mukakhala ndi dandaulo pa sukulu, kaya ndi chilango chopyola muyeso kaya ndalama zimene simukuona kumene zapita, lipititseni kwa atsogoleri anu, kwa a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ngakhale kwa mfumu. Timamva kawirikawiri za ana amene aswa magalasi ndi kutentha ofesi chifukwa cha mkwiyo wa usiku umodzi, sukulu n'kutsekedwa, ndipo mawa lake amene alipira ndi makolo awo omwe, pogulitsa mbuzi. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Aphunzitsi anu apatseni ulemu. Ambiri a iwo amakhala m'nyumba zosayenera msinkhu wawo, amaphunzitsa maphunziro awiri kapena atatu chifukwa cha kuchepa kwa anzawo, ndipo ena anachita kudzikweza okha pophunzira ku koleji ya ku Domasi nthawi ya tchuthi. Mphunzitsi wotere akaona mwana wobwera ndi funso ataweruka, mtima wake umatsitsimuka, ndipo adzakupatsani zoposa zimene amalipidwira.

Mukafika Fomu 4, miyezi ya chisanu ikuyandikira, kudzabwera anthu onong'ona kuti ali ndi likasa, mayeso enieni, mungosonkha ndalama. Ambiri a iwo ndi akuba wamba, ogulitsa mafunso opeka kwa ana amantha. Koma ngakhale pamene mayeso abedwadi, taonani chimene chimatsatira. Mu Novembala 2020, ana atavutika kale ndi kutsekedwa kwa sukulu chifukwa cha mliri wa Covid-19, mapepala a MSCE anapezeka akuyenda pa mafoni, boma linaimitsa mayeso onse ali m'kati, ndipo dziko lonse, osalakwa pamodzi ndi olakwa, linakalembanso mu Januwale 2021. Wogwidwa ndi likasa zotsatira zake zimafafanizidwa, mwinanso n'kukagona m'chitokosi, zaka zinayi n'kupita m'madzi. Ndipo wosagwidwa amatenga pepala lonena kuti amadziwa zimene sadziwa, ndipo tsiku lina adzaima pamaso pa wodwala kapena pamaso pa ana a eni ali m'manja mwake mulibe kanthu.

Kawerengedwe ka mapointi mukadziwe msanga, musadikire Fomu 4. Phunziro lililonse limachongedwa kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndiko kukhoza kopambana, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera, amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti mwachita bwino, 6 ndiwo mapeto. Kuti muganiziridwe ku yunivesite za boma, kaya ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Blantyre, pafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo, ndipo pokhala malo ndi ochepa, kungokwanitsa sikukwanira. Chifukwa chake posankha maphunziro ku Fomu 3 musatsate mnzanu kapena kuthawa mphunzitsi waukali. Funsani kuti ntchito imene mukuifuna imalira maphunziro ati, pakuti alipo ambiri amene anazindikira atalemba kale kuti unamwino ufuna sayansi imene iwo anaitaya.

Si nonse mudzapite ku yunivesite, ndipo amene angakuuzeni zina akukunyengani. Koma satifiketi yabwino imatsegulanso makoleji a uphunzitsi, a zaumoyo ndi a zaulimi, ndiponso sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, kumene bungwe la TEVETA limatumizako achinyamata kukaphunzira zamagetsi, zomangamanga, zamipope, ukalipentala ndi umakaniko. Ndipo m'tauni yanu yomweyo mmisiri wodziwa kuwerenga pulani ndi kuwerengera mtengo wa ntchito yake sagona ndi njala. Zotsatira zikadzatuluka zosakomera, musakabisale kwa achibale kutali kapena kuthamangira ku Johannesburg opanda mapepala. Malamulo amalola kulembanso, ndipo sukulu zambiri za boma zili ndi makalasi a masana a anthu obwereza. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu sabata yomweyo, mutenge pepala la zotsatira zanu, mukhale naye pansi, muone maphunziro amene anakugwetsani, ndipo mufunse tsiku limene kulembetsa mayeso a chaka chotsatira kudzatsekedwe.